Zithunzi Zatitsegulira Njira ya Kudoko

Tsiku lina m'mawa Alima atasenza beseni kupita kukagula usipa, anapeza njira ya kudoko yatsekedwa ndi mpanda wa waya. Anaitseka ndi mwini malo ogona alendo amene anali atangotsegulidwa kumene m'mudzi mwawo, cha ku Nkope. Kuyambira tsikulo, aliyense wofuna kunyanja ankazungulira kutali, n'kudutsa m'dambo la matope olekeza m'mawondo. Alima ankafika kudoko usipa wabwino utatha.

Mwamuna wake, Che Atumani, msodzi wosachedwa kupsa mtima, ananena kuti amema anzake akagwetse mpandawo. Akunola chikwanje pakhonde, anatulukira Mayi Elina, oyandikana nawo nyumba, amene ali m'gulu lomenyera ufulu wa anthu a m'mbali mwa nyanja.

"Che Atumani, mukangodula waya uja, nkhani ya mpanda yatha, yayamba ya inu ndi apolisi," anatero Mayi Elina. "Foni yanu imajambula, si choncho? Tiyeni akuluakulu aone ndi maso awo zimene tikuona ife."

Anafotokoza kuti gulu lawo limadandaula pogwiritsa ntchito zithunzi, chifukwa chithunzi chimamveka ngakhale kwa munthu wosadziwa kuwerenga. Koma anawachenjeza kuti asalowe mumpanda wa eni, ndipo asajambule munthu asanamupemphe.

Che Atumani anaika chikwanje pansi mokayikira, koma atangoyamba kujambula, ntchito inawakomera. Anajambula amayi akuvuuka m'matope, ana asukulu nsapato zili m'manja, ndi asodzi atasenza nkhafi. Kenaka anauza mkazi wawo kuti agone m'dambomo ngati wakomoka, kuti a boma amve chisoni msanga.

"Gonanimo inuyo, foniyo mundipatse ine," anayankha Alima, amayi onse n'kufa nako kuseka.

Mayi Elina nawo anaseka, koma anakana. Anati chithunzi chimodzi chabodza chikadziwika, anthu adzakayikira ndi zoona zomwe.

Gulu lija linakatsukitsa zithunzizo ku boma ku Mangochi. Achinyamata ake odziwa penti anajambula pansalu yaikulu nyanja itakhomedwa ndi loko, pansi pake n'kulemba m'Chichewa ndi m'Chiyao kuti, "Njira ya kunyanja ndi ya tonse." Mayi Elina anadziwitsiratu ofesi ya DC ndi apolisi za tsiku la chionetsero chimene gululo linakonza, ndipo anaitana a khonsolo pamodzi ndi mwini malo uja.

Patsikulo anthu anayenda mwabata atanyamula nsaluyo mpaka pampanda. Anamanga chingwe pamitengo iwiri n'kupachika zithunzi ndi mapegi ngati zovala. Ena anali atazitumiza kale pa WhatsApp, moti kunabwera anthu ochokera m'midzi ina.

Mwini maloyo anafika nkhope ili gwa, n'kumayang'ana zithunzi chimodzichimodzi. Mwadzidzidzi anaima. Pachithunzi china panali Che Yasini, wophika wake yemwe, atapinda thalauza, yunifolomu ili pamutu, akuwoloka matope kupita kuntchito.

"Kodi n'chifukwa chake mumachedwa masiku ano?" anafunsa.

"N'chifukwa chake, bwana," anayankha Che Yasini, amene anali pakati pa anthuwo. Anthu anaseka, ndipo mwini maloyo anaseka nawo mwamanyazi.

A khonsolo anakhazika pansi mbali zonse ziwiri tsiku lomwelo. Anagwirizana kuti mpanda usunthidwe, pasiyidwe njira yoti ngakhale njinga ya kabaza izidutsa. Sabata yotsatira Alima anali woyamba kufika kudoko, ndipo anasankha usipa mwakufuna kwake.

Madzulo a tsikulo Mayi Elina anauza anthu amene anasonkhana kuti, "Kudandaula ndi ufulu wanu. Vuto likakugwerani, lijambuleni mmene lilili, pemphani chilolezo kwa amene mukuwajambula, dziwitsani aboma, ndipo yendani mwamtendere. Mukatero akuluakulu savutika kukumverani."