Kauntala ya Tsamba Lachitatu

Bala ija ankaitchula kuti Tsamba Lachitatu, poti wothyola tiyi amatenga masamba awiri ndi kansonga, lachitatulo kapitawo amalikana. Okanidwa onse a m'maesiteti ankakumana mmenemo. A Rodwell anagulitsamo mowa zaka makumi atatu, kuseri kwa kauntala ya mbawa yolemera ngati ng'ombe. Anaona mwini wake akumwalira, ana akulimbirana makiyi, nyumbayo ikusanduka ya vidiyo, kenaka tchalitchi cha m'busa wina amene anathawa ndi mtsikana wa kwaya. Onsewo kauntala inawakanika kuisuntha.

Ndiye Lolemba lina kunalira foni ku Changata, kumene a Rodwell anakapumira. Anali a Stafford, dalaivala wakale wa thirakitala, yekhayo wotsala mwa omwa a nthawi ija.

"Achimwene, nyumba ija aitenga okhoma mabokosi a maliro. Akuti kauntala tikaichotse pofika Lachisanu, apo ayi aiwaza. Ngolo ndapeza kale. Tikaiika pakhonde panga tizimwerapo tiyi, poti zinazi adokotala anatiletsa."

Lachisanu a Rodwell analawirira, foni ili chizimire masiku atatu chifukwa chiperoni chinaphimba dzuwa, sola osagwira. Kulira kwa sowo yocheka matabwa anakumva asanaione n'komwe nyumbayo. Atalowa anangoti kukamwa yasa. Pamene panali kauntala panangotsala zipsera pasimenti. Matabwa ake anali pabenchi, opalidwa, olumikizidwa kale, ndipo mmisiri wake, a Leonard, ankakhomerera msomali. Bokosi la maliro! Mtima unawapweteka koopsa nkhalambawo.

"Inu! Lachisanu si lero? Dzuwa lalowa kodi? Mukudziwa zigongono zingati zatsamira pathabwa limeneli? Ndinu anthu kapena chiswe?"

A Leonard anaika hamala pansi n'kuvula chipewa.

"Pepani bambo. Ndinu a Rodwell eti? Takhala tikukuimbirani kuyambira dzana."

"Kundiimbira kuti ndidzaone chipongwechi? Dikirani a Stafford afike ndi ngolo yawo. Ine ndimangouwa, koma ajawa amaluma."

Mmisiriyo anazolika, chipewa chikuzungulira m'manja.

"Matabwa ena onse ndi aawisi, bambo, ouma analipo ndi okhawa. Ana awo ndi amene anabwera kudzandiuza kuti ngati zili choncho, bambo athu apite ndi chinthu chimene ankachikonda."

"Ana a ndani?"

"A bambo Stafford. Anagwa dzana ali kumunda. Ngoloyo ikubweradi, koma ikudzatenga bokosili. Mwambo uyamba 2 koloko."

A Rodwell anagwira bokosilo, thabwa lake likadali lofunda chifukwa chopalidwa kumene. Mawu atatuluka, sanali opita kwa mmisiri.

"Nanga ine ndizimwa ndi ndani, achimwene?"