Tsiku Lomwe Doko Lathu Linasowa Oweruza

Ine ndine Tikhala, mwana wa a Lusiya oyanika usipa pa doko lathu kufupi ndi Nkopola. Nkhaniyi ndalemba ndekha chifukwa ena akuikamba mokhotetsa.

Zinayamba ndi mvula. Kwathu kuno mvula ikabwera modzidzimutsa umaola usipa wako pathandala, ndipo ukaona wa mnzako ukunyowa mwini palibe, umamuoleranso. Amayi anachita zomwezo ndi usipa wa a Safia, koma chifukwa cha phuma anathira wonse m'dengu limodzi ndi wawo. A Safia pobwera anapeza thandala lili mbee, basi kukuwa kuti aberedwa. Komiti ya pa doko inalanda dengulo n'kunena kuti amayi asayanikenso mpaka mlandu uweruzidwe, ndipo akapezeka olakwa malo awo apatsidwa wina. Abale inu, usipa ukuphedwa chonchi!

Vuto linali loti a komiti ena ndi abale athu, ena ndi abale a a Safia. Ndiye a Fletcher, amene kalekale anali mesenjala wa kukhoti, anati, "Tichite mmene ndinkaonera kuntchito. Tikhazike anthu wamba asanu ndi awiri, aweruze ndi iwowo."

"Tingoloza basi?" anafunsa a Safia.

"Kuloza n'kwina, kukhazika n'kwina, mayi. Dzina lituluke mwa maere, munthuyo afunsidwe, alumbire, kenako akhale pabenchi. Apo ndiye wakhazikidwa."

Lachiwiri m'mawa doko lonse linasonkhana pashedi. Ine ndinakhala kutsogolo penipeni. A Fletcher anapisa dzanja m'chipewa chodzaza timapepala n'kutulutsa dzina la a Mwanabibi, ogulitsa mandasi.

"Nkhaniyi munaimvapo?"

"Yonse, bambo! Mpaka zoti a Safia anaterereka m'matope pothamangira usipa."

Anthu anafa nalo phwete.

"Munaimva kwa ndani?"

"Kwa Tikhala."

"Bwererani pamalo panu. Woweruza abwere makutu ali opanda kanthu."

Wachiwiri, kwa Tikhala. Wachitatu, kwa Tikhala kuchigayo. Wina, kwa Tikhala ali pa kabaza! Poyamba ndinkamva kukoma, sindinama. Kenako linatuluka la a Simioni, agogo osamva bwino aja, ndiye ndinati eya, awa apita.

"Ndinaimva," anatero a Simioni. "Anachita kundikuwira m'khutu mwanayu."

Mayina khumi ndi asanu ndi atatu, benchi ili gwaa yopanda munthu. A Fletcher anagwedeza chipewa n'kunena kuti zikatere mlandu udikire mwezi wamawa, akapeze anthu a kutali. Amayi sanandikalipire. Anangondiyang'ana n'kunong'ona kuti, "Mwezi wathunthu osayanika, tidya pakamwa pakopo?"

Ndinayang'ana kunyanja kuthawa maso a anthu, ndipo ndinaona boti la a Wadi likukocheza, lija linapita ku Makanjira sabata yatha. Ndinadumpha.

"Awo! Awo sindinawauze!"

"Gwireni mwanayo asafike kumadzi!" anakuwa a Fletcher.

A Mwanabibi anandikhazika pansi n'kundilowetsa mandasi mkamwa, lina lili kale m'manja kudikira. A Fletcher anathamanga okha, kuiwala kuti mwendo wawo ndi wodwala, n'kubwera ndi asodzi asanu ndi anayi, tulo tili m'maso, osadziwa kuti alakwa chiyani. Mayina awo analowa m'chipewa. Mmodzi a Safia anamukana poti ndi msuweni wa amayi. Otsatirawo palibe anamvapo kanthu. Ena analumbira pa Baibulo, ena pa Korani, n'kukhala pabenchi asanu ndi awiri ndendende, kuphatikizapo a Wadi. Anthu mpaka nthungululu, mlandu usanayambe n'komwe!

A Safia anayankhula, amayi anayankhula. A Wadi anangofunsa funso limodzi: "Aliyense anayanika mabeseni angati?" A Safia anati awiri, amayi anati atatu. Asodziwo anaitanitsa dengu lija n'kuyamba kuyeza anthu akuona. Beseni loyamba, lachiwiri, lachitatu, lachinayi. Lachisanu linadzaza, pansi pa dengu n'kutsala timitu tokha.

Anapitabe kuseri kwa boti kukakambirana, poti a Fletcher anati ndi mmene zimakhalira. Pobwera a Wadi anaimirira n'kunena kuti, "Tonse tagwirizana. Usipa sunasowe. Mayiwa anaola, sanabe."

Ndinakuwa mpaka mandasi anagwa! A Safia anatenga mabeseni awo awiri, nkhope ili pansi, n'kuti, "Mukanangondiuzatu, anzanga."

"Munandipatsa mpata?" anatero amayi, koma akuseka.

Kenako ananditembenukira. "Iwe, a Wadi abwera ndi usipa wauwisi. Thamanga ukatenge mabeseni dzuwa lisanapendeke, ndipo usaime ndi munthu panjira."