Mafupa a pakati pa Chilwa

Kwa Mwambo, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, maliro amene a Edwadi Namakhwa sanafikepo ankaoneka ngati womwalirayo sanamalize kumwalira. Iwo ndiwo ankanena nthawi yotulutsa bokosi, woyenera kuyankhula ndi woyenera kufupikitsa. Anali mkulu wa mpingo, ndipo njira za kumanda ankazidziwa kuposa adzukulu okumba.

Koma mwana wawo Medson analibe manda. Anamira pa Chilwa tsiku la mphepo, ali m'bwato limodzi ndi Hamisi, Msilamu mnzake wopha naye matemba, ndipo nyanja sinabweze ngakhale mmodzi. A Namakhwa anapitiriza kulimbikitsa anamfedwa ena kuti asiye zonse m'manja mwa Ambuye. Mawuwo ankawatuluka bwino, poti malirowo anali a eni.

Mu 1995 nyanja inaphwa. Mabwato anagona chammbali pamatope, asodzi anabalalika kukafuna ganyu ku sikimu ya mpunga ku Likangala. Anthu ankati ndi chilango. A Namakhwa ankaona kuti Mulungu wayankha pempho lawo loti apeze mwana wawo, kungoti anawonjeza muyeso. Anayamba kulawira m'mamawa ndi khasu ndi thumba, kukayenda pamene kale panali madzi. Akazi awo, mai Rozi, anawauza kuti dzuwa la kumeneko lidzawapha, iwo n'kuyankha kuti mwana wa mkulu wa mpingo sangagone pamtetete ngati mlamba.

Tsiku lina, kutali kuseri kwa mabango, anapeza chigaza ndi mafupa angapo atakanirira m'dothi long'aluka, atakulungika m'zidutswa za ukonde. Panalibe nsalu, panalibe china chilichonse. Anawatola bwinobwino, ndipo pofika kunyumba mwambo wonse unali utatha kale m'mutu mwawo: kalipentala wopanga bokosi, kwaya yoyamba, kwaya yachiwiri, ndi mawu ochepa ochokera kwa bambo wa malemu, amene sakanakhala ochepa kwenikweni.

Madzulo ake kunabwera Amina, mkazi wa Hamisi. Anakhala pansi pafupi ndi nkhokwe, nadikira kuti moni athe.

"Bambo, ndamva kuti mwapeza munthu."

"Ndapeza mwana wanga."

"Mwamuzindikira ndi chiyani?"

A Namakhwa anayankha kuti kholo silisokoneza mwana wake. Amina sanatsutse. Anangonena, maso ali pansi, kuti awiriwo anali a msinkhu umodzi, moti iye mwini ankawasokoneza akamatsika kudooko atamufulatira. Anati ngati ali Hamisi, ndiye kuti ayenera kukulungidwa m'sanda ndi kugonekedwa monga agonera Asilamu, osati kukhomeredwa m'bokosi. Kenako anatsanzika mwaulemu, n'kumapita.

A Namakhwa anayala mafupawo pamkeka m'chipinda. Anayang'ana mano, anayeza fupa la mwendo ndi mwendo wawo. Anaitana akazi awo kuti atsimikize, monga mayi.

"Ine ndinamuyamwitsa," anatero mai Rozi ali pakhomo, "koma mafupa ake sindinawaonepo."

M'mawa mwake anapita kutchalitchi. Munalibe munthu, munali fungo la mileme basi. Anagwada, nayamba kupemphera monga ankachitira nthawi zonse, kumufotokozera Mulungu nkhani kuchokera pachiyambi ngati kuti Iye kunalibe. Anamukumbutsa zaka zimene anatumikira, maliro a eni amene anayendetsa mvula ikugwa. Anapempha chizindikiro, ngakhale chaching'ono, ndipo anatchulako ziwiri zitatu zoti Ambuye asankhepo. Malata anangothetheka ndi dzuwa.

Anadikira mpaka maondo anachita dzanzi. Mawu anawathera, chinthu chimene sichinawachitikirepo. Anaona kuti ngakhale ataika mafupawo ndi makwaya onse a m'boma la Zomba, adzakhala akuima pamandapo osadziwa amene akumulira. Ndipo ngati anali Hamisi, ndiye kuti Medson akadali kunja uko, pamalo pamene khasu lawo silidzafika.

"Ambuye, ine sindikudziwa," anatero pomaliza. "Inu mukudziwa pamene wagona. Ndatopa kumusunga. Musungeni Inuyo."

Pemphero lalifupi chotero akanalimva kwa munthu wina akanamuitanira pambali. Anakhalabe chogwada, akulira mosasamala kuti wina angalowe.

Tsiku lomwelo ananyamula thumba lija kupita nalo kwa abale a Hamisi. Anawauza kuti sakudziwa kuti ndi ndani, koma poti Amina wapempha, amuike monga mwa chipembedzo chawo. Amuna anakulunga mafupawo m'sanda, napita nawo kumanda dzuwa lisanapendeke. A Namakhwa anaima kumbuyo, manja ali kumsana. Palibe anawafunsa nthawi, palibe anawapempha mawu. Zonse zinayenda, ndipo zinatha msanga.

Atabwerera, mai Rozi anawapatsa madzi, nadikira kuti amwe.

"Nanga ngati anali wathu?"

"Ngati anali wathu, waikidwa. Ngati sanali, Mwini wake akumuona."

Mai Rozi anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. A Namakhwa anakhala pamkeka pakhonde, natsamira khoma. Pamene mkaziyo ankabwera kudzatenga kapu, anapeza atagona tulo, nsapato zili kumapazi, pakamwa pali pululu. Anaingitsa nkhuku mwakachetechete, nakhala pambali pawo.