Dzanja pa Bondo la a Kaputeni

Pabwalo la ndege zing'onozing'ono aliyense ankawatcha mayiwa a Wachiwiri, ngati wachiwiri kwa woyendetsa ndege, chonsecho chiwongolero cha ndege anali asanachigwirepo. Woyendetsa anali mwamuna wawo, a Kaputeni, dokotala wa ziweto amene anagula kandege kakekake kuti azifika msanga kumafamu akutali. Ntchito ya a Wachiwiri inali kukhala pampando wa kumanja, mahedifoni kumutu, dzanja lili pa bondo la mwamunayo. Wailesi ikatchula zilembo za ndege yawo, ankafinya bondolo. A Kaputeni ankacheuka n'kuwayang'ana pakamwa, iwo n'kubwereza pang'onopang'ono zimene a kunsanja yowongolera ndege anena. Othira mafuta ankaseka, amvekere, "Nkhalamba izi, mpaka kumwamba kugwiranagwirana!"

Chikondi chinalipo, inde, koma nkhani inali ya makutu. A Kaputeni anali atayamba kugontha. Munthu akamalankhula nawo maso ndi maso ankatola mawu pamilomo, mwaluso moti ngakhale dokotala wowayeza anamupita pansi. Koma wailesi ilibe milomo.

Tsiku la tsokalo a Wachiwiri anali kuchipatala, kudikirira mwana wawo wamkazi amene anali pafupi kuchira. Kufamu ina ng'ombe zinadwala, ndipo a Kaputeni, ndi makani awo aja, ananyamuka okha osauza munthu. Pobwerera anati azembe mvula, n'kulowa m'dera la mlengalenga la ndege zikuluzikulu, momwe kandege sikaloledwa popanda chilolezo cha nsanja. Ndege ya anthu imene inkatsika kuti itere inachita kukweranso mwadzidzidzi.

Ndiye bungwe loyang'anira za ndege linawaitana. Ali m'galimoto kupita kumeneko, a Kaputeni anayala pulani yawo.

"Mayi a ana, inu mukangokhala chete. Ndikanena kuti wailesi inazima."

"Nanga akakandifunsa ineyo?"

"Mukati simunaliko, ndipo n'zoona. Akangondilanda chiphaso choyendetsera ndege chija, basi mwandiika m'manda ndili moyo."

A Wachiwiri ankadziwa kuti mwamunayo sakukokomeza, ndipo mantha anawagwira.

Chipinda chake chinali chopanda chokongoletsa: tebulo lalitali, fani yolira, mapu pakhoma odzaza mizere yozungulira. Wofufuza anali mayi wachichepere wa magalasi, waulemu wake, kompyuta ili patsogolo.

"Bambo, ife sitithamangira kulanda chiphaso," anatero. "Munthu akalakwitsa n'kutiuza zoona, timam'bweza kwa mphunzitsi, aulukenso naye, nkhani yatha. Chomwe tikufuna n'kudziwa chinachitika n'chiyani, kuti chisachitikenso."

"Mwana wanga, ine ndinayamba kuuluka inu musanamere mano," anatero a Kaputeni, maso ali pamilomo ya mayiyo. "Wailesi inazima, basi."

"Amakaniko aiyeza, akuti ilibe vuto."

"Zamagetsi zimatero. Lero zadwala, mawa zachira, ngati mbuzi."

Wofufuzayo anamwetulira pang'ono, n'kutembenuza kompyuta kuti onse aone. Panali timadontho tiwiri tikuyenda pamapu, kena kofiira, kena koyera. Kofiirako ndiko kanali a Kaputeni. Timadonthoto tinayandikana, n'kuyandikanabe, mpaka pakati pake panatsala malo osakwana chikhadabo. Kenako koyerako kanakhota.

A Wachiwiri anaiwala zoti anauzidwa kukhala chete. "Munali anthu ambiri mmenemo?"

"Inali yodzaza, mayi, ndi makanda omwe."

M'mawa womwewo a Wachiwiri anali atasambitsa kamdzukulu kawo katsopano, ndipo manja awo ankanunkhirabe sopo wake. Nthawi yonseyi ankadziuza kuti chinsinsi chawochi n'cha m'banja, sichipweteka munthu. Tsopano anachita manyazi, ndipo anakwiya, osadziwa ngati akwiyira mwamuna kapena iwo eni.

"Tsopano ndikuyatsirani mawu a kunsanja a tsiku limenelo," anatero wofufuzayo.

A Kaputeni anagwedeza mutu, n'kuweramira pa kompyuta kuti aonetsetse timadontho tija. Mayiyo anadina batani. Panamveka kusokosera kwa wailesi, kenako mawu a bambo wina akutchula zilembo za ndege yawo. Poyamba ankaitana modekha. Kenako anayamba kufulumira, mawu akusasa, kuchonderera kandegeko kuti kakhotere kumanzere msanga.

Dzanja la a Wachiwiri linali litanyamuka kale lokha. Zala zinafika pamwamba pa bondo lija, pansi pa tebulo pomwe wofufuza sakanaona. Kungofinya kamodzi, a Kaputeni akanadziwa kuti wailesi ikulira, akanapukusa mutu mwachisoni n'kunena kuti zonsezi sizinawafike. Mwina akanatuluka ndi chiphaso chawo. Ndipo tsiku lina ng'ombe zikanadwalanso, iwo ali kwina.

A Wachiwiri anabweza dzanjalo. Anagwira chikwama chawo ndi manja onse awiri, n'kuchifinya mpaka zala kuwawa. Bambo wa kunsanja uja ankaitanabe.

A Kaputeni anadzutsa mutu, n'kuyang'ana wofufuzayo mosaleza mtima.

"Nanga yatsanitu, mwana wanga, timve."

Mayiyo anawayang'ana kanthawi, kenako anadina batani, m'chipindamo n'kutsala phokoso la fani. Anavula magalasi n'kuwaika patebulo. A Kaputeni anaona nkhope yakeyo, n'kucheukira kwa mkazi wawo, kenako anayang'ana pansi, pa bondo lawo.

"Mayi a ana, inalira?"

A Wachiwiri anatembenuza nkhope yonse kwa iwo, monga ankachitira m'ndege, n'kulankhula pang'onopang'ono, misozi ili chuchuchu.

"Inalira, bambo. Akuti mukhotere kumanzere, kutsogolo kwanu kuli ndege ya anthu."

Wofufuzayo sanakweze mawu. Anadikira kuti a Kaputeni amuyang'ane, n'kuwauza kuti chiphaso chikhala chaimitsidwa kufikira dokotala wa makutu atawayeza, ndipo kuti chigamulo chidzatsatira zimene adzapeze. Onse atatu ankadziwa zimene dokotalayo adzapeze. A Kaputeni sanakanenso. Anatola chipewa, n'kuthokoza mwaulemu ngati mlendo amene wakhuta, n'kutuluka.

M'khonde anatsogola, msana uli nga, osacheuka. A Wachiwiri anawatsatira akukoka miyendo, chikwama chili pachifuwa.

"Pepani, bambo a ana," anatero. "Ndikhululukireni."

Ananenanso mokweza, mpaka mlembi wa pakhomo anadzutsa mutu. A Kaputeni anapitirira kutsika masitepe. A Wachiwiri anazindikira kuti mwamunayo sanamve kanthu, ndipo kuti sadzamva kufikira tsiku limene adzafune yekha kuwayang'ananso pakamwa.