Chiso Asankhe Yekha

Suzgo Gondwe, kalaliki wa pa esiteti ya tiyi kufupi ndi Makwasa, ankadzitama kuti anakwatira ulere. Atapita kwa abale a mkazi wake Anesi ndi nkhani ya malowolo, monga achitira kwawo ku Rumphi, Alomwe aja anamuseka. "Ife sitigulitsa anthu, achimwene." Mwana wa eni ake anabwerako mano ali pamtunda, osaganiza kawiri.

Anesi anamwalira mu 2003, ntchito nayo n'kutha chaka chomwecho. Tsiku limene lole inabwera kudzanyamula katundu, a Zakeyu, mchimwene wake wa malemuyo, anadzakhala pakhomo.

"Mipando tengani, alamu. Koma mwanayu, Chiso, ndi wa mbumba yathu."

Suzgo anaimbira foni akuluakulu akwawo. Anamuyankha kuti poti sanapereke ng'ombe, ngakhale ku Rumphi mwanayo sawerengedwa wake. Miyambo iwiri yosamvana pa chilichonse inagwirizana pa iye yekha.

Anathamangira kwa mayi Cathy, oona za mavuto a antchito pa esitetipo, amene mawu akuti ufulu sankachoka pakamwa pawo chiyambire matipate. Suzgo, bambo wa tayi, anagwada pa simenti.

"Chonde mayi, ndatsala ndi iyeyu basi. Ndikamusiya ndikafera m'njira."

"Dzukani, a Gondwe. Masiku ano palibe mwambo woposa unzake. Mwananso ali ndi ma rights ake. Asankhe yekha."

Mawu okoma zedi, ukakhala kuti wa zaka zisanu ndi ziwiriyo si iwe.

Anamuimika Chiso pakati pa ofesi, bambo ake uku, malume ake uko. Suzgo anali thukuta kamukamu, akupemphera chamumtima.

"Ndikasankha, winayo andida?" anafunsa mwanayo.

"Ayi, mwanangu. Ndi ufulu wako," anatero mayi Cathy.

Chiso anayang'ana uku, nayang'ana uko. Kenaka mkodzo unayamba kutsika m'miyendo mwake mpaka pa simenti. Mayi Cathy anamufunsabe kuti akufuna kukhala ndi ndani, mwaulemu ndithu.

"Basi!" anakuwa Suzgo. "Musamufunsenso."

Anavula jekete, namupukuta mwanayo miyendo, n'kumunyamula kukamuika m'manja mwa a Zakeyu. Anatuluka osacheuka, chifukwa akanacheuka sakanapita. Mtima unkamupweteka koopsa.

Suzgo atakwera lole, dalaivala anasuzumira kumbuyo.

"Bwana, nanga mwana uja? Timudikire?"

"Tiyeni," anatero Suzgo. "Ali kwawo."