Supuni Imodzi pa Geti la Ndende

Lufina anali atamanga kale bakuli m'chitenje pamene Malita, mnzake wa nyumba yoyandikana, anatulukira kuseri kwa khola n'kumuuza kuti amasule aone. Malita ndiye anali katswiri wa za kundende m'mudzi monsemo. Mchimwene wake anakhalako miyezi isanu ndi itatu, ndipo iye ankakamba za kumeneko monyadira ngati munthu amene anakachitako maphunziro.

Panali patapita masabata atatu chimangidwireni Gracian, mwamuna wa Lufina. Anagula ng'ombe ku Nsipe kwa munthu wa pakamwa pokoma, osadziwa kuti ndi yakuba, ndipo eni ake anaizindikira asanafike nayo patali. Tsopano anali pa limandi kundende ya ku boma, kudikira tsiku la khoti. Lufina anali asanapondeko kumalo otero chibadwire. Ankangomva anthu akukamba za mpanda wake wawaya.

Malita anayamba kuyala malamulo. Foni akaisiye pageti. Chiphaso cha unzika chikhale pafupi, asakachite kuchifufuza m'chikwama asilikali akudikira. Lezala asatenge, botolo lagalasi asatenge. Akamufunsa dzina ayankhe mokweza, chifukwa kumeneko munthu wonong'ona amamuyesa wobisa kanthu. Kenako anavundukula bakuli, nanunkhiza nkhuku ndi kachewere zimene zinali m'menemo.

"Izi zili bwino," anatero Malita. "Koma usadye kwambiri m'mawa uno, poti ukalawa wekha kaye iwo akuyang'ana."

"Kulawa chiyani?"

"Chakudyachi. Wobweretsa ndiye amayamba, kuti aone ngati simunathiremo poizoni. Ukakana, basi, ukhala pansi pomwepo ufotokoze bwino."

Malita anaseka, nanyamuka kupita kudimba kwake. Lufina anatsala ali chilili, chivundikiro chili m'manja.

Dzulo lake madzulo iye anaona ndi maso ake apongozi ake, mayi Zelesi, akuwaza ufa wakuda mumsuzi wa nkhukuyo. Mayiwa Lamulungu ankakhala benchi lakutsogolo kutchalitchi, koma mwana atamangidwa anakwera kabaza mwakachetechete kutsikira ku Bwanje, kwa sing'anga wina amene amati amafewetsa milandu. Anabwerako miyendo itatupa ndi kutentha kwa kuchigwa, atamangirira kamphukusi pansonga ya chitenje. Anapha tambala wawo yekhayo. Pothira mankhwalawo anamuuza Lufina mawu a sing'anga uja: Gracian adye yense mpaka msuzi, koma mayi woyembekezera asayerekeze kulawako ngakhale kunyambita chala, chifukwa mankhwalawo amatsuka chilichonse chomangika. Ananena zimenezi mosalabadira, monga mmene munthu amanenera za mvula ya kudera lina.

Iwo sankadziwa kuti Lufina anali ataima. Unali mwezi wachitatu. Pakati poyamba panapita padera chaka chatha, ndipo kuyambira pamenepo achibale a mwamuna ankamuyang'ana pamimba asanamuyang'ane kumaso. Ulendo uno sanauze munthu, ngakhale mayi ake omubereka. Ankafuna woyamba kumva akhale Gracian, ndipo n'chimene chinamulimbitsa mtima kuti apite kundendeko.

Anakhala pakhonde, mantha atamugwira. Akalawa, mwanayu angachoke ngati mnzake uja. Akakana, asilikali amuyesa wofuna kupha mwamuna wake, ndipo mwina tsikulo akagona mbali ina ya mpanda womwewo. Anaganiza zokataya nkhukuyo m'ngalande pamsewu n'kukagula mabanzi ku boma. Koma Gracian sadziwa kunama. Tsiku lotuluka mayi ake adzamufunsa ngati tambala anakoma, ndipo iye, Lufina, mkazi wa chitengwa, adzakhala amene anataya ufulu wa mwana wa eni mudzi m'ngalande.

Mayi Zelesi anatuluka m'nyumba mwawo akutsimphina, nadabwa kumupeza akadali pomwepo dzuwa litakwera chotero. Anamukumbutsa kuti maminibasi a m'mawa sadikira munthu. Lufina anawafotokozera za kulawa zija, maso ali pansi. Iwo anangoti ndiye vuto n'chiyani, supuni imodzi siipha munthu wamkulu. Ataona kuti sakusuntha, nkhope yawo inasintha.

"Kapena mukufuna mwana wanga aolere komweko? Nenani, ngati mtima wanu unabwerera kale kwanu."

Mawu amenewa anamupweteka Lufina kuposa mantha aja. Anatsika pakhonde n'kugwada pafumbi.

"Amayi, ine sindingalawe. Ndili momwe ananenera asing'anga aja."

Mayi Zelesi anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana bakuli lija. Anafunsa motsitsa kuti ndi miyezi ingati, ndipo atauzidwa anawerenga pazala zawo. Anatembenuka n'kulowa m'nyumba, natseka chitseko.

Lufina anadziwa kuti ulendo wathera pomwepo. Kuti mayiwo n'kupita okha, zimenezo sanaziganizeko n'komwe, pakuti mudzi wonse unkadziwa mantha awo. Malemu amuna awo anamangidwapo ku Joni pa nkhani ya mapepala, ndipo anabwerako alibe mano anayi akutsogolo. Mpaka imfa yawo ankadzidzimuka akamva makiyi akulira m'thumba la munthu. Kuyambira apo mayi Zelesi akaona yunifolomu, ngakhale ya mlonda wa pasitolo, ankapatukira m'chimanga. Tsiku limene Gracian anamangidwa mayiwo anakomoka, ndipo atatsitsimuka ananeneratu kuti kundende adzapitako atanyamulidwa.

Chitseko chinatseguka. Anatuluka atavala nsapato zawo za kutchalitchi ndi duku latsopano, chiphaso atachigwira m'manja ngati chikuwotcha. Anawerama, namanga bakuli lija m'chitenje, nalinyamula okha. Lufina atatambasula manja kuti awalandire, anamukaniza, namuuza kuti kuyambira lero asanyamule ngakhale ndowa yatheka.

"Ine pakati ndinasiya kalekale," anatero. "Ndikalawa ndine. Inu mukangondigwira dzanja, ndipo akandifunsa dzina mukandikumbutse."

Anatsetsereka kupita kumsewu waukulu pang'onopang'ono, wina akutsimphina, wina akuopa kuterereka. Palibe amene anatchulanso za mwana. Pasiteji anapeza minibasi ikudzaza anthu ndi matumba a kabichi, ndipo kondakitala anawapanikiza pampando wakumbuyo. Mayi Zelesi anaika bakuli pamiyendo, naligwira ndi manja onse awiri. Galimoto inali isanalize n'komwe injini, koma Lufina ankamva chivundikiro chikugogoda pabakulilo, ngwe ngwe ngwe, chifukwa cha kunjenjemera kwa manja awo.

Atayenda kamtunda, mayiwo anasendera kukhutu kwake.

"Paja anati supuni imodzi yokha eti? Kenako amatilola kutuluka?"

Lufina sankadziwa, chifukwa Malita za kutuluka sananenepo. Anawayankha kuti inde, amalola, naika dzanja lake pamwamba pa manja awo kuti chivundikirocho chileke kulira.