Gaga wa Njiwa za Amake Chipo

Kuzizira kwa mu Juni ku Kapata sikoseweretsa, koma a Bizwell anali atatuluka kale panja, akuzungulirazungulira ngati nkhuku yofuna poikira. Gaga anali atatha. Thumba lonse psiti!

Musaseke, gaga ameneyu sanali wa nkhumba ayi. Chidwalire sitiroko, akazi awo a Olipa sankayankhula, ndipo chakudya ankachikana. Koma ukawakhazika kuseri kwa nyumba, njiwa ndi apumbwa n'kutera pa lichero lakale la gaga lomwe a Bizwell anapachika mumgwafa, pakamwa pankatseguka pokha, phala n'kumalowa. Tsiku lopanda mbalame linali tsiku lopanda kudya. Ndiye munthu woonda kale chotero, angaphonye masiku angati?

Anasuzumira mumtengo. Njiwa ziwiri zinatera, zinaona lichero lili mbee, n'kuuluka. Mtima wa a Bizwell unapita nazo. Mwana wawo Chipo anali atapita kumsika, ndipo kumudikira iwo sakanatha. Analowa m'chipinda chosungira katundu, natapa chimanga m'thumba lomwe linali pafupi ndi chitseko, nachiphwanya mumtondo mofulumira, nachithira pa lichero lija. Mwamuna wamkulu ndi musi m'manja, anthu a nyumba yoyandikana akuonerera! Analibe nazo ntchito.

Mbalame zinabwera, zambiri kuposa dzulo.

"Mwaziona alendo anu, amake Chipo? Yasamulani tsono."

A Olipa anameza supuni yoyamba, yachiwiri, yachitatu. A Bizwell anamva kukoma mpaka m'mafupa.

Chipo anatulukira ndi ndiwo m'manja, nayang'ana mtondo, kenako chitseko chotsegula chija.

"Atate, mwatapa thumba liti?"

"La pakhomopo."

"Mayo ine! Limenelo ndathira mankhwala a anankafumbwe dzulo lomweli!"

A Bizwell anaima, supuni ili m'mwamba. Akazisiya mbalamezo, mawa azitola zakufa pansi pa mgwafa. Akazipirikitsa, phala lathera pomwepo. Anaika mbale pansi.

"Shwaa! Shwaa! Chokani!"

Anathamanga akukupiza chipewa, nagwetsa lichero, nayamba kukwirira chimangacho ndi dothi, ndi mapazi, ndi manja omwe. Mumtengo munatsala masamba okha.

Atatembenuka anapeza a Olipa akuwayang'ana. Zaka makumi anayi ali limodzi, maso otero anali asanawaonepo. Anawawa kuposa kutukwanidwa.

"Chinali ndi mankhwala, amake Chipo. Ndalakwitsa ndine. Idyaniko pang'ono chabe."

A Olipa analuma mano, natembenukira kukhoma.

Chipo anathamangira kuchigayo kukafuna gaga. A Bizwell anatsuka lichero kawiri, nalipachikanso, nakhala pansi, nanyamukanso. Kenako anakaima pansi pa mgwafa, anafumbata manja awo pakamwa monga ankachitira kubusa ali mwana, nayamba kulira ngati njiwa. Analira mpaka phala linazizira m'mbale.